Mapesi anapsa, munda unalandidwa: zimene ndakumana nazo polimbana ndi nyengo ku Phalombe

Ndimalima ku Phalombe, kumunsi kwa phiri la Michesi, pamunda umene anandisiyira mayi anga. Ndi ekala imodzi ndi kachidutswa. Ndili mtsikana, agogo ankadziwa nthawi yodzala pongoyang'ana mitengo ikaphuka ndi kumene mphepo ikuchokera. Chizimalupsa chikagwa mu Okutobala aliyense ankathamangira kumaliza mizere, ndipo pakati pa Novembala mbewu zinali zili m'nthaka. Masiku ano timadzala mu Disembala, mwinanso kudzala kawiri chifukwa zoyamba zapserera.

Chandilembetsa izi ndi mawu amene ndinamva pamsonkhano wina kwathu kuno. Mlendo amene anabwera pagalimoto anaimirira n'kunena kuti vuto la alimi akumudzi ndi kusamva, amakakamira zamakolo ngakhale nyengo yasintha. Anthu anawomba m'manja mwaulemu, koma ine zinandipweteka mpaka kunyumba. Ine ndinamva. Pafupifupi chilichonse chimene alangizi anatiphunzitsa ndinachiyesa ndi manja angawa. Zambiri mwa izo n'zoona ndipo zimathandiza. Koma pali zimene zimakutchinga pakati panjira zimene pamsonkhano sizinenedwa, ndipo ndikufuna mnzanga amene akuyamba kumene azidziwiretu.

Mu Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma ambiri a kummwera kuno, ndipo theka la munda wanga linakokoloka. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba. Chimanga chinafika m'chiuno n'kuyamba kupota masamba ngati anyezi. Zaka ziwiri zotsatizana osakolola zinandilowetsa m'kalabu ya alimi mu 2016. Alangizi athu anali munthu wodekha, woyenda panjinga yakapalasa midzi yambirimbiri, moti kwathu ankafika mwina kamodzi pamwezi. Anatiphunzitsa ulimi wa mleranthaka, ena amati mtayakhasu. Anati, "Mayi, mukakolola mapesi musatenthe, musakwirirenso. Muwayale pansi ngati mphasa. Dzuwa likamawomba nthaka izikhala pamthunzi, mvula ikagwa madzi azilowa pansi m'malo mothamanga."

Ndinayala mapesi pa theka la ekala mu Juni. Anga okha sanakwane, ndinakapempha ena kwa achemwali anga, ndipo ine ndi ana tinatuta pamutu kwa sabata ziwiri. Mu Ogasiti, masana ena ndikuchokera kuchigayo, ndinaona utsi. Anyamata osaka mbewa anali atayatsa tchire la m'malire, moto n'kulowa m'munda. Pofika ine panali phulusa lokhalokha. Chaka chachiwiri moto sunabwere, koma zinabwera mbuzi ndi ng'ombe. Kwathu kuno anthu akakolola ziweto zimamasulidwa, munda wa aliyense umasanduka busa, ndipo ndi mmene zakhalira kuyambira kale. Munda wanga wokha ndiwo unali ndi chakudya m'dera lonselo, ndiye ziweto zonse zinkathera kwa ine.

Ndinapita kwa amfumu ndekha kukadandaula. Anandimvetsera bwinobwino, kenaka anati, "Mwana wanga, ndakumva. Koma mbewa ndi ndiwo za anthu, mbuzinso ndi chuma cha anthu. Ndikaletsa chifukwa cha munthu mmodzi, mudzi undiona bwanji?" Tsiku limenelo ndinabwerera nditakwiya, koma pano ndimaona kuti ananena zoona. Zinasintha pamene tinapitako mabanja khumi ndi awiri a m'kalabu, titatenganso eni mbuzi awiri amene tinayamba takambirana nawo. Pamenepo amfumu anaitanitsa mudzi, ndipo tinagwirizana kuti woyatsa moto m'munda wa mwini alipira nkhuku, ndipo mbuzi zizidyetsedwa kudambo. Ngati mukufuna kuphimbira, yambani ndi anansi anu musanatute phesi ngakhale limodzi. Lambulaninso m'malire monse mukangomaliza kuyala, chifukwa ngakhale pali lamulo, mwana ndi mwana.

Pali chinanso chimene amayi anzanga ambiri amachita manyazi kunena pamaso pa alangizi. Mapesi ndi nkhuni zathu. Mitengo inatha, ndipo kukatola nkhuni kuphiri ndi ulendo wa tsiku lonse. Mayi akauzidwa kuti asiye mapesi onse m'munda, m'mutu mwake mumabwera funso lakuti nsima ya mawa aphikira chiyani. Ine chinandimasula ndi mbaula yadothi ija ya Chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa, pamodzi ndi mitengo ya nandolo ikauma ndi zitsononkho. Popanda zimenezo ndikanapitiriza kutapa mapesi a m'munda mwanga pang'onopang'ono mpaka kutha.

Koma chopinga chachikulu pa zonse, chimene ndimafuna aliyense wobwera ndi malangizo atachimvetsa, ndi mwezi wa Januwale ndi Febuluwale. Njira zonse zatsopanozi zimafuna kuti uyambe walipira, phindu libwere pambuyo. Ukasiya kugalauza ndi kubandira, zaka zoyambirira udzu umamera ngati wachita kufesedwa, makamaka pamene mapesi ayalidwa mopyapyala. Umafunika kuuzula ndi manja msangamsanga, kapena kugula mankhwala opha udzu. Tsono nthawi imene udzu ukufuna iwe ndi nthawi yomweyo imene ufa watha m'nyumba. Umadzuka m'mamawa, ana akuyang'ana, ndipo uyenera kusankha: kupalira munda wako umene udzakudyetse mu Epulo, kapena kukapalira munda wa wina kuti akupatse mbale ya ufa ya lero. Palibe mayi amene amasankha Epulo. Ine ndinkapita kuganyu masiku anayi pasabata, kwanga n'kumafikako dzuwa litapendeka, thupi litatheratu. Pomafika alangizi kudzaona munda, udzu unali utaposa chimanga, ndipo amene sakundidziwa akanati mayi uyu ndi waulesi kapena sanamvetse phunziro. Phunziro ndinalimvetsa bwino lomwe. Chimene ndinalibe ndi thumba limodzi la chimanga loti lindisunge m'munda mwanga milungu itatu imeneyo.

Chifukwa chake ndimauza aliyense kuti asayambe ndi munda wonse. Ine ndinalakwitsa poyamba ndi theka la ekala. Yambani ndi kachigawo kamene mungathe kukasamalira ngakhale sabata imene mwapita kuganyu, ngakhale mizere makumi awiri yokha, ndipo muyalepo mapesi ochindikala kuti udzu usaone dzuwa. Chiswe chidzabwera, musadabwe. Kwa ine chinkadya mapesi ouma n'kusiya chimanga chili chiimire, ndipo chinkavuta kwambiri pamene pansi panali poyera.

Tinauzidwanso kuti tisadalire chimanga chokha. Nandolo ife a kuno timamudziwa kale, ndipo sachita mantha ndi ng'amba chifukwa mizu yake imapita pansi kwambiri. Mu 2016 mtengo wake unali wabwino, tinagulitsa pamwamba pa K500 pa kilogalamu, moti chaka chotsatira aliyense anadzala wambiri, inenso ndinawonjezera. Mu 2017 dziko la India, kumene nandolo wathu wambiri amapita, linachepetsa nandolo wolowa m'dzikolo kuchokera kunja. Ife kumudzi tinangoona mavenda akupachika sikelo n'kumanena K100, ena kutsika kuposa pamenepo. Ndinaima pamsika wa Migowi ndi matumba atatu, ndalama yake yosakwana ngakhale thumba limodzi la feteleza. Anthu ambiri chaka chotsatira anamusiya nandolo. Ine sindinamusiye, koma ndinasintha maganizo: ndimadzala woti tidye, woti masamba ake agwere m'munda, ndi woti mitengo yake tiphikire. Wogulitsa ndi wotsala. Mbewu imene ukudzala chifukwa cha mtengo wa chaka chatha ikhoza kukugwetsa ngakhale mvula itagwa bwino.

Nyengo yomweyo ndi imene kunabuka mbozi zija zolowa mumtima mwa chimanga. Mankhwala ogula sindikanakwanitsa munda wonse. Ndinkayenda m'mizere m'mamawa kuphwanya mazira ndi zala ndi kuthira dothi kapena phulusa pamtima pa chimanga, ndipo anzanga ena ankawaza msuzi wa usipa wothira shuga kuti nyerere zibwere zidye mbozizo. Zimathandiza ukazipeza zikadali zazing'ono. Zikakula, wachedwa.

Nkhani ya munda wobwereka ndiyo imandiwawabe. Popeza ekala imodzi sikwanira banja la anthu asanu ndi awiri, ndinkachita lendi theka la ekala kwa bambo wina wa mudzi woyandikana nafe. Nthaka yake inali yoguga, yomera kaufiti. Ndinathiramo manyowa a khola zaka ziwiri, ndinadzala mitengo yobwezeretsa chonde ya gliricidia m'mizere, ndinakonza akalozera n'kudzalapo udzu wa vetiva kuti madzi asamathamange. Chaka chachitatu chimanga chinabereka moti odutsa ankaima kuyang'ana. Nditangokolola, mwini munda anabwera n'kunena kuti, "Mayi, chaka chino ndilima ndekha, ana akula." Ndinalibe poyankha. Munda ndi wake, ndipo tinangopangana pakamwa. Thukuta langa la zaka zitatu linatsala m'nthaka ya mwini. Kuyambira pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake anthu obwereka minda safuna kumva za mitengo kapena manyowa, amangothira feteleza n'kukolola n'kuchoka. Ngati mukubwereka, pitani kwa amfumu ndi mboni, mulembe zaka zimene mwagwirizana. Mwini akakana kulemba, m'mundamo dzalani zokolola chaka chomwecho basi, manyowa ndi mitengo zipite pamunda wanu ngakhale ndi wochepa.

Ngakhale pamunda wanga weniweni nkhani ya mitengo sinali yophweka. Kuno mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi. Bambo a kunyumba kwanga ndi munthu wolimbikira, koma nditawapempha kuti tidzale nsangu m'munda, anandiyankha motsitsa mawu kuti, "Mayi a ana, nsangu imatenga zaka kuti ikule. Ine pano ndine mkamwini. Mutatsogola inu, abale anu adzandilola kukhala pansi pa mtengo umenewo?" Sanali kukana ntchito. Ankanena mantha amene amuna ambiri kuno ali nawo koma satchula. Tinakhala pansi ndi amalume, tinakambirana, ndipo mitengoyo tinadzala m'dzina la ana.

Ulimi wothirira ndiwo aliyense amati ndi yankho, ndipo ndi zoona kuti dimba linatisunga. Ndinali ndi kadimba m'mbali mwa mtsinje kamene ndinkathirira ndi keni. Mu 2021 ndinatenga ngongole kubanki mkhonde, tinasonkherana ndi amayi anzanga atatu n'kugula pampu yopalasa ndi mapaipi ake. Tinkadzala chimanga chachiwisi, tomato ndi mpiru, ndipo kwa zaka ziwiri sindinapite kuganyu mu Januwale. Chakumayambiriro kwa 2023 ndinatenganso ngongole ina yogulira mbewu ndi feteleza wa kudimba, kukonzekera chilimwe.

Kenaka mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Mvula inagwa usana ndi usiku osadukiza. Achikulire ankati zikuwakumbutsa Napolo wa 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi. Usiku tinkamva phiri likulira, miyala ikugubuduka. Banja langa linapulumuka, tinathawira kusukulu, koma m'dziko muno anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo kuno ku Phalombe dera la Nkhulambe linawonongeka koopsa. Madzi ataphwa ndinapita kukaona dimba. Sindinalizindikire. Mtsinje unali utasintha njira, ndipo pamene panali dothi lakuda panali mchenga wofika m'mawondo ndi miyala. Pampu sitinaipezenso. Feteleza amene ndinasunga m'nyumba anasungunuka khoma litagwa. Chokhacho chimene madzi sanatenge ndi ngongole. Amayi a kubanki mkhonde anandimvera chisoni n'kundiwonjezera miyezi, poti nawonso anali m'mavuto omwewo, koma ndinabweza yonse pogulitsa mbuzi ziwiri mwa zitatu zimene zinatsala. Ndikanakhala kuti ndinatenga katapila, bwenzi lero ndikunena zina.

Apa mpamene ndinaona kuti tikulimbana ndi zinthu ziwiri zosiyana nthawi imodzi. Zaka zonsezi ndinkakonzekera ng'amba, ndipo chinandigwetsa ndi madzi. Dimba la m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje limakupulumutsa chaka chouma n'kukupweteka chaka cha madzi. Alangizi ankatiuza kuti tisiye mpata pakati pa mtsinje ndi dimba, tidzalepo bango, nsungwi kapena vetiva. Sitinkatsatira chifukwa dothi lachonde ndi chinyontho zili pomwepo pagombe, ndipo malo ndi ochepa. Mnzanga amene anasiya bango m'mbali mwa dimba lake anataya mbewu, koma dothi lake linatsala.

Chaka chomwecho, chakumapeto, a zanyengo analengeza pawailesi kuti kukubwera El Niño, mvula idzakhala yochepa kummwera, alimi adzale mbewu zocha msanga. Uthengawo unafika nthawi yabwino ndipo unali woona. Koma mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo m'masitolo inakwera sabata yomweyo. Ndinapita kukagula mbewu ya Kanyani, imene imacha msanga, ndili ndi ndalama imene ndinkayembekeza kuti ikwana mapaketi awiri. Ndinabwerako ndi imodzi. Kotsalako ndinadzala chimanga chamakolo cha m'nkhokwe ya achemwali, ndikudziwa bwinobwino kuti chimachedwa kucha. Dzina langa linali pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo wa K15,000, koma ndinapita kumalo ogulitsira maulendo anayi, kugona pamzere kamodzi, ndipo thumba lobereketsa ndinalipeza chimanga chitayamba kale kumasula. Kudziwa za nyengo kunalipo. Ndalama yochitira zimene ndikudziwazo ndiyo inalibe.

Chimene chinandithandiza chaka chimenecho ndi zinthu ziwiri zosafuna ndalama zambiri. Choyamba ndi manyowa a Mbeya. Ndimasakaniza ndowa ziwiri za ndowe zouma zopunthapuntha, ndowa ziwiri za madeya, ndowa imodzi ya phulusa losefa ndi ndowa imodzi ya feteleza, kuwaza madzi pang'ono kuti zingochita chinyezi, kenaka kuthira m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga zolimba, n'kusiya pamthunzi masiku 21. Feteleza wochepa amafika patali. Vuto lake ndi lakuti chaka cha njala madeya nawonso ndi chakudya cha anthu, ndiye muwasungiretu nthawi yokolola. Chachiwiri ndi mayenje. Pa kota ya ekala, kumtunda kumene madzi sadikha, ndinakumba timaenje m'mizere, kuya kwake kupitirira pang'ono chikhatho, n'kuthiramo manyowa ndi kubwezera dothi lapamwamba, kusiya kakhwawa koti madzi aziimamo. Pamwamba ndinayala mapesi.

Mu Febuluwale 2024 mvula inadula kwathu pafupifupi mwezi wathunthu, chimanga chili pa ngaiyaye. Chamakolo chija, cha m'mizere wamba, chinauma chili chiimire. Cha m'mayenje chinkafota masana koma m'mamawa chinkadzuka. Ndinkafukula mapesi n'kupisa chala, pansi pali pozizira. Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'ambayo, ndipo Phalombe inali m'gulumo. Ine pa kota ya ekala ija ndinakolola matumba anayi. Munda wonse wotsala unandipatsa thumba limodzi ndi theka. Sizinatifikitse chaka, koma tinalowa mu Okutobala tikudya zathu pamene anansi anayamba kugula mu Juni.

Mvula itabwerera mu Malichi ndinathamangira kudzala mbatata yofiira mkati, ya Kadyaubwerere ndi Chipika. Apa napo pali msampha: nthawi imene aliyense akufuna mbewu ya mbatata ndi imene imasowa, ndipo amene ali nayo amagulitsa modula. Ine ndinali nayo chifukwa ndinasunga kabedi kakang'ono kuseri kwa bafa, kotchinga ndi minga kuopa mbuzi, kamene kankamwa madzi osambira chilimwe chonse. Mapira ndinayesanso, ndipo anapirira dzuwa, koma popeza ndinadzala ndekha m'dera lonse, mbalame zonse zinasonkhana pa ine, ndipo mwana sangasiye sukulu kuti azikaingitsa mbalame. Mapira amafuna mudzale anthu angapo moyandikana. Kunyumbanso kunali nkhondo yake. Ana akadya mbatata kapena nsima ya mapira ankati sanadye, akudikira nsima yoyera. Ndinayamba kusakaniza ufa wa mapira ndi wa mgaiwa pang'onopang'ono mpaka anazolowera, ndipo futali wa mbatata wothira nsinjiro tsopano amachita kupempha.

Mayenje ndi ntchito yowawa, ndipo amene amakuuzani kuti ndi zophweka sanagwirepo khasu mu Okutobala nthaka itauma ngati mwala. Chaka choyamba ndinakumba mochedwa, manja anatuluka matuza, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya. Tsopano ndimayamba mu Meyi ndi Juni, ndikangokolola, nthaka ikadali yofewa, kunja kukuzizira, m'nyumba muli chakudya. Ndimakumba pang'ono tsiku lililonse m'mamawa, osadzipanikiza. Tilipo amayi asanu amene timathandizana, lero kwa uyu mawa kwa uyo, mwini munda n'kuphika thobwa. Mayenje akale sakumbidwanso, umangowakonza n'kuwonjezera manyowa, ndiye chaka chilichonse malo amakula. Musakumbe pamalo a lowe pamene madzi amadikha, chifukwa chaka cha mvula yambiri chimanga chidzamira. Kumunsi kwa munda wanga ndimalimabe mizere, ndimangopanga ngonyeka, timizere topingasa totchinga madzi, ndipo mvula ikachuluka ndimatsegula kuti madzi apite.

Ndikakolola ndimapatula thumba limodzi, kuthira mankhwala, kusoka, n'kukalisungitsa kwa amalume, ndi pangano lakuti asandipatse ngakhale nditalira chotani kufikira Januwale. Limenelo ndi la masabata opalira, kuti ndizikhala m'munda mwanga. Chaka chatha ndinakalipempha mu Novembala mwana atadwala, amalume anakana n'kundibwereka ndalama ya kuchipatala m'malo mwake.

Mayenje afika theka la ekala tsopano. Nsangu zija zapitirira msinkhu wa mwana wanga woyamba. Kudimba tikuchotsabe mchenga ndi wilibala yobwereka, ndipo tafukula dothi lakuda pamalo okwana mabedi asanu ndi limodzi. M'mbali mwa mtsinje ndadzala vetiva ndi bango mizere itatu, ndipo mabedi ayambira kuseri kwake. Pampu ina sitinagule. Tikuthirira ndi keni.